Vinyo wofiira wa Monastrell wa ku Jumilla: mafunso ndi mayankho

Dziko la Spain lili ndi minda ya mpesa yaikulu kuposa dziko lina lililonse, ndipo vinyo wake wofiira safanana. Wa ku Rioja ndi wina, wa ku Galicia ndi winanso. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza mtundu umodzi wokha: vinyo wa mphesa za Monastrell zolimidwa mwa njira ya organic, yosagwiritsa ntchito feteleza ndi mankhwala a m'fakitale, m'dera la Jumilla. Ndasankha ameneyu chifukwa kumeneko ulimi wa organic umachokera m'nthaka ndi m'nyengo yeniyeni ya deralo, osati pa chikalata chovomereza ulimiwo chokha, komanso chifukwa ndi vinyo amene saonetsa ubwino wake wonse pokhapokha pali nyama pambale.

Kodi Jumilla ili kuti, ndipo n'kotani?

Jumilla ndi tauni ya kum'mwera chakum'mawa kwa Spain, kumtunda kwa chigawo cha Murcia. Dera la vinyo lotchedwa ndi dzina lomweli linavomerezedwa ndi boma mu 1966, ndipo limadutsa malire kulowa m'boma la Albacete, komwe kuli Hellín, Tobarra, Ontur, Albatana, Fuente-Álamo ndi Montealegre del Castillo. Minda yambiri ili pamtunda wa mamita 400 mpaka 900 kuchokera pamene pali nyanja.

N'kouma kwambiri. Mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita pafupifupi 300, pamene ku Lilongwe imaposa 800. Dzuwa limawala maola pafupifupi 3,000 pachaka. M'miyezi ya July ndi August kutentha kumafika madigiri 40, koma usiku kumazizira chifukwa cha kukwera kwa malo, ndipo mu January madzi amatha kuundana. Dothi ndi loyererako, lamiyala, lodzaza ndi laimu, ndipo ubwino wake ndi woti limasunga kachinyontho pansi mvula ikapita.

Mpesa si mlendo kumeneko. Akatswiri ofukula zakale anapeza njere za mphesa za zaka pafupifupi 5,000 pafupi ndi tauniyi, komanso ndolo zagolide zosulidwa ngati phava la mphesa pamalo otchedwa Coimbra del Barranco Ancho.

Monastrell ndi mphesa zotani?

Ndi mphesa zakuda bii, zazing'ono, za khungu lochindikala. Zimachedwa kupsa, moti ku Jumilla amazithyola chakumapeto kwa September mpaka mu October, mitundu ina itathyoledwa kale. Zimafuna dzuwa lochuluka, ndipo kumalo ozizira sizipsa n'komwe. Ku France amazitchula Mourvèdre, ndipo ndizo maziko a vinyo wofiira wa ku Bandol. Ku Australia ndi ku California mungazipeze pa dzina la Mataro.

Alimi ambiri a ku Jumilla sayanga mipesa yawo pa waya. Amaidulira kuti ikhale tizitsamba tatifupi, tofika m'mawondo kapena m'chiuno, totalikirana kwambiri kuti mpesa uliwonse ukhale ndi dothi lokwanira lofunamo madzi. Masamba amagwera m'mbali n'kuphimba mphesa kuti zisapse ndi dzuwa. Minda yakale yambiri saithirira. Zokolola zimakhala zochepa, koma madzi a mphesazo amakhala othithikana, ndipo popeza mtundu wa vinyo wofiira umachokera ku khungu, mphesa zazing'ono za khungu lochindikala zimatulutsa vinyo wakuda ndi wolemera.

Amakoma bwanji?

Mukathira m'tambula amaoneka wofiira moderako, ndipo akakhala wamng'ono m'mphepete mwake mumaoneka mtundu wa pepo. Fungo loyamba ndi la zipatso zakuda zakupsa psiti, mabulosi makamaka, ndiye pambuyo pake pamabwera fungo la zitsamba zouma za m'mapiri a kumeneko, thyme ndi rosemary, ndi tsabola wakuda pang'ono. Akakhalitsa m'botolo amayamba kumveka fungo la chikopa ndi la nyama yowamba. Ena fungo limeneli limawadabwitsa, koma ndi khalidwe la mphesa zimenezi.

M'kamwa satsekemera, ngakhale fungo la zipatso lingakunamizeni. Shuga wa mphesa anasanduka mowa pamene vinyo amawira. Ndipo chifukwa dzuwa la kumeneko limadzaza shuga m'mphesa, ukali wake umakhala pa maperesenti 14 mpaka 15. Mumaumva kutentha pakhosi.

Chinanso chimene mungamve ndi kuuma kwa m'kamwa, lilime ndi nkhama kukhakhala, monga zimachitikira mukamwa tiyi wothithikana wopanda mkaka. Chimachititsa zimenezi ndi tannin wochokera ku khungu ndi njere za mphesa. Tannin amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kutereretsa m'kamwa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse ya chakudya choyenera vinyoyu yagona pamenepo.

Akati organic akutanthauza chiyani kwenikweni?

Ku Spain amalemba kuti vino ecológico, ndipo si mawu amene aliyense angangodinda pa botolo. Pali lamulo la European Union. M'munda saloledwa kuthira feteleza wa m'fakitale, mankhwala ophera udzu, kapena mankhwala opangidwa m'fakitale ophera tizilombo ndi chuku. Mlimi amene akufuna kulowa mu ulimi umenewu amadikira zaka 3 akutsata malamulowo asanaloledwe kugulitsa mphesa zake monga za organic, ndipo oyendera amabwera chaka ndi chaka.

Izi sizitanthauza kuti m'mundamo simupoperedwa kanthu. Salfa ndi kopa n'zololedwa polimbana ndi matenda a chuku a masamba ndi zipatso. Kopa ali ndi vuto lake, chifukwa sawola ndipo amaunjikana m'dothi, n'chifukwa chake kuyambira 2019 malire ake ndi makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7. Kagulugufe kena kamene mbozi zake zimaboola mphesa amakasokoneza pomangirira m'munda tinthu totulutsa fungo la kagulugufe kakakazi, amuna n'kulephera kupeza akazi. Chonde chimachokera ku manyowa, makamaka a nkhosa ndi mbuzi.

Lamulo limafikanso mosungira ndi mowiritsira vinyo. Chisanafike chaka cha 2012, botolo linkangololedwa kunena kuti mphesa zake ndi za organic. Kuyambira chaka chimenecho pali malamulo a kapangidwe ka vinyo weniweniyo. Mwachitsanzo, vinyo wofiira wosatsekemera wa organic sayenera kupitirira mamiligalamu 100 a sulphite (mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke) pa lita, pamene vinyo wamba amaloledwa kufika 150.

Pa botolo yang'anani kachizindikiro kobiriwira ka tsamba lopangidwa ndi nyenyezi zoyera, ndi nambala yoyamba ndi ES-ECO, yosonyeza bungwe limene linayendera. Chithunzi cha mtengo kapena cha mbalame pa pepala la botolo sichitsimikizira kanthu.

N'chifukwa chiyani ku Jumilla kuli minda yambiri ya organic?

Chifukwa cha chilala. Mdani wamkulu wa mpesa ndi chuku, ndipo chuku chimafuna chinyezi. Mlimi wa ku Galicia kapena ku Bordeaux, kumene mvula imagwa pafupipafupi, amapopera kambirimbiri m'chaka chimodzi, ndipo akasiya mankhwala amphamvu amaika zokolola zake pachiswe. Ku Jumilla mpweya ndi wouma, mphepo imaomba, ndipo matenda amasowa poyambira. Alimi ambiri akale sankathira mankhwala ochuluka ngakhale chikalata chisanabwere. Lero gawo lalikulu la minda ya m'derali ndi lovomerezedwa kuti ndi la organic, chinthu chosowa m'madera ena a vinyo.

Kuumako kunathandizanso pa nkhani ina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kachilombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kanadya mizu ya mipesa n'kuwononga minda ya ku France ndi pafupifupi Ulaya yense. Njira yokha yopulumukira inali kulumikiza mipesa ya ku Ulaya pa mizu ya mipesa ya ku America. Ku Jumilla kachilomboka kanachedwa kwambiri, kanadzavuta mu 1989, ndipo mpaka pano kuli minda yakale ya Monastrell yoima pa mizu yakeyake. Amaitchula pie franco, ndipo kampani ya Casa Castillo ili ndi vinyo wodziwika wa dzina limeneli.

Koma chilala chomwecho chimaluma. M'zaka za 2023 ndi 2024 mvula inasowa kwambiri kum'mwera chakum'mawa kwa Spain, zokolola zinatsika, ndipo mipesa ina yosathiriridwa inauma. Mlimi wa munda wakale wopanda madzi amakolola zochepa ngakhale chaka chabwino, ndiye mtengo wa mphesa ukakhala wotsika amayesedwa kuzula mipesa yakaleyo n'kudzala mbewu ina. Mpesa wa zaka 60 ukazulidwa subwereranso m'moyo wa munthu amene wauzulayo.

Ndiye vinyo wa organic amakoma kuposa wamba?

Ayi, chikalata sichikometsa vinyo. Mukapatsidwa matambula awiri osauzidwa kanthu simungaloze kuti wa organic ndi uyu. Kukoma kumachokera ku mtundu wa mphesa, msinkhu wa mipesa, kuchuluka kwa zokolola, tsiku lothyola ndi luso la wopanga. Alipo vinyo wa organic wopangidwa mosasamala, wa mphesa zopsa mopitirira, wotentha pakhosi popanda china chilichonse. Chimene chikalata chikukuuzani ndi momwe dothi, madzi a pansi ndi antchito a m'munda anasamalidwira. Kwa ine chimenecho ndi chifukwa chokwanira chomusankhira, koma ndi chifukwa cha ulimi, osati cha lilime.

Musasokonezenso organic ndi biodynamic kapena natural. Ulimi wa biodynamic umatsata maganizo amene Rudolf Steiner anaphunzitsa mu 1924, ndipo uli ndi chizindikiro chake cha Demeter. Vinyo wa natural alibe lamulo limodzi la European Union lomufotokoza.

Amati vinyo wa organic sapweteketsa mutu ndipo ndi wabwino ku thanzi. N'zoona?

Si zoona. Anthu amaloza chala ma sulphite, koma zipatso zouma monga ma apricot nthawi zambiri zimakhala ndi ma sulphite ochuluka kuposa vinyo wofiira, ndipo yisiti yeniyeniyo imatulutsa ena pamene vinyo akuwira. Botolo lililonse lopitirira mamiligalamu 10 pa lita limayenera kulembedwa kuti muli ma sulphite, la organic lomwe. Amene ayenera kusamala nawo kwenikweni ndi anthu ena odwala mphumu, chifukwa amatha kuwabanikitsa.

Chopweteketsa mutu chachikulu ndi mowa weniweniwo. Botolo la mamililita 750 la maperesenti 14.5 lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo a mowa wamba a mamililita 330 oposa 6. Anthu awiri akamaliza botolo limodzi pa chakudya chamadzulo, aliyense wamwa mabotolo atatu ndi kupitirira, ndipo palibe woyenera kugwira chiwongolero. Bungwe la World Health Organization linanena mu January 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene ulibiretu chiopsezo ku thanzi, ndipo mowa uli m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Mayi woyembekezera, mwana, ndi munthu amene ali pa mankhwala osagwirizana ndi mowa asamwe vinyoyu ngakhale pang'ono. Kulimidwa bwino kwa mphesa sikusintha zimenezi.

Mawu oti joven, roble ndi crianza pa botolo akunena chiyani?

Akunena za nthawi imene vinyo anakhala m'migolo ya mtengo wa thundu. Joven ndi vinyo wamng'ono, amene sanalowe m'mgolo kapena anangodutsamo. Roble anakhalamo miyezi yowerengeka. Crianza wofiira ayenera kukhala zaka 2 asanagulitsidwe, ndipo miyezi 6 mwa imeneyo ikhale ya m'mgolo. Reserva ndi zaka 3, chaka chimodzi m'mgolo. Opanga ena a ku Jumilla amangolemba chiwerengero cha miyezi, monga 4 meses kapena 12 meses.

Vinyo wambiri wa organic wa ku Jumilla amene amafika m'masitolo a kunja ndi wamng'ono kapena wa miyezi yochepa m'mgolo. Luzón Verde wa kampani ya Luzón ndi Honoro Vera wa organic wa banja la Gil, limene lakhala likupanga vinyo kuyambira 1916, ndi zitsanzo zake. Mgolo umawonjezera fungo la vanila, koko ndi utsi, komanso umafewetsa tannin. Ukachuluka umaphimba fungo la zitsamba zouma lija, limene ndi chinthu chokoma kwambiri mwa Monastrell. Ngati mukumulawa koyamba, yambani ndi wamng'ono.

Eni ake ku Jumilla amamwera chakudya chanji?

Apa m'pamene vinyoyu amamveka bwino, chifukwa iye ndi chakudya cha kumeneko anakulira limodzi. Ndi chakudya cha abusa a ziweto ndi alenje: kalulu, nkhwali, mbuzi, nkhosa, nkhono za kutchire, adyo wambiri ndi mafuta a olivi.

Chodziwika kwambiri ndi gazpacho jumillano. Musachisokoneze ndi msuzi wozizira wa tomato wa ku Andalucía. Ichi ndi chotentha. Amaphika kalulu, nthawi zina ndi nkhwali ndi nkhono, mumsuzi wa tomato, adyo ndi zitsamba, kenaka amanyenyeramo buledi wopyapyala wopanda yisiti kuti amwe msuzi wonse. Mwamwambo amachipakulira pa buledi wina wotambalala, anthu n'kumadya mozungulira. Msuzi wake ndi wolemera, nyama ya kutchire ili ndi fungo lamphamvu, ndipo vinyo wopepuka angazimiririke. Monastrell amalimbana nazo mofanana mphamvu, ndipo thyme ya mumphika imakumana ndi fungo la thyme la m'tambula.

Chachiwiri ndi mpunga wa kalulu ndi nkhono, chakudya cha Jumilla ndi matauni oyandikana nayo a Yecla ndi Pinoso. Amauphika m'chiwaya chachikulu chosaya, mpungawo utayalidwa mopyapyala, pa moto wa nthambi zouma zimene anadulira ku mipesa. Nthambizo zimayaka mwamsanga, malawi amanyambita chiwaya chonse, ndipo utsi umalowa mumpunga. Nkhono za kumapiriko zimadya rosemary ndi thyme, ndiye zimabweretsa fungolo m'chakudya. Mpunga wotchuka wa m'chigawo cha Murcia ndi wa ku Calasparra, umene umamwa msuzi wambiri osaphwanyika.

Palinso kamwana ka mbuzi kokazinga ndi adyo, nthiti za nkhosa zowotcha pa makala a nthambi za mpesa, ndi gachamiga, chakudya cha m'nyengo yozizira cha ufa wa tirigu, mafuta a olivi, madzi ndi adyo, chimene amachitembenuza m'chiwaya mpaka chitachita kakhungu. Pomaliza pali tchizi cha mkaka wa mbuzi chotchedwa Murcia al Vino, chimene amachiviika mu vinyo wofiira pamene chikukhwima, moti kunja chimakhala chapepo pamene mkati muli moyera ndi mofewa.

Onani kuti m'zakudya zonsezi muli mafuta, mchere, utsi kapena zitsamba. Mafuta ndi mapuloteni a nyama amatenga tannin amene akanagwira malovu anu, ndiye vinyo amamveka wofewa ndipo zipatso zake zimaonekera. Nayenso vinyo amatsuka mafuta m'kamwa kuti nthuli yotsatira ikome ngati yoyamba. Mchere umachepetsa kuwawa.

Nanga ndi zakudya za kwathu?

Nyama ya mbuzi yowotcha pa makala, yothira mchere wokha, ndiye mnzake weniweni wa vinyoyu. Ili ndi fungo lamphamvu, mafuta ndi utsi, zonse zimene Monastrell amafuna, ndipo si ngozi chifukwa kwawo nakonso ndi dziko la mbuzi. Kanyenya wa ng'ombe kapena wa nkhumba amayenda naye bwino chimodzimodzi. Mukawonjezera adyo ndi rosemary pokoleza nyamayo, ndiye mwafika pafupi kwambiri ndi zimene amadya ku Murcia.

Nyama zophika nthawi yaitali zimamuyeneranso: mchira wa ng'ombe, mang'ina ofewa bwino, nthiti za mbuzi mumsuzi wa tomato ndi anyezi. Msuzi womata milomo wa mang'ina umafewetsa tannin kuposa nyama yopanda mafuta. Pa zakudya zimenezi sankhani wa m'mgolo, roble kapena crianza. Chiwindi chokazinga ndi anyezi chimagwirizana ndi fungo la chikopa la vinyo wokhalitsa.

Pa mbalame, nkhanga, nkhunda, zinziri ndi nkhuku yachikuda zili bwino chifukwa nyama yake ndi yolimba ndi yoderako. Nkhuku yoyera ya m'sitolo yongowiritsa imamira, mumangomva vinyo yekha. Kalulu, kwa amene amaweta, ndi chakudya chimene vinyoyu anazolowera kuyambira kale.

Nsima payokha silimbana ndi vinyo ndipo simuthandiza. Chimene chimagamula ndi ndiwo. Nsima ya nyama ya mbuzi, eya. Nsima ya therere, ayi, chifukwa kuterera kwa therere ndi kukhakhala kwa tannin zimakanana m'kamwa. Masamba owawa monga luni amachulukitsa kuwawa kwa vinyo. Koma masamba otendera ndi nsinjiro amayenda naye bwinoko kuposa ongofwafwaza, chifukwa mafuta a mtedza amagwira ntchito yomwe mafuta a nyama amagwira.

Osadya nyama asadandaule. Nyemba zophika bwino ndi tomato, anyezi ndi mafuta okwanira zili ndi kulemera koyenera. Bowa wa m'dzinja wokazinga ali ndi fungo la dothi limene limakumana ndi la vinyoyu, ndipo mabiringanya owotcha pa makala amabweretsa utsi. Chenjezo limodzi kwa amene safuna chilichonse chochokera ku nyama: lamulo la organic limalola kuyeretsa vinyo ndi choyera cha dzira kapena zinthu zochokera ku mkaka ndi nsomba, choncho yang'anani ngati botolo lalembedwa kuti vegan.

Ndi zakudya ziti zimene sizigwirizana naye?

Nsomba. Chambo chowotcha n'chofewa kukoma kwake, ndipo vinyo wolemera chotere amachifafaniza. Usipa, kapenta ndi matemba zimachita zoipa koposa: mafuta a nsomba akakumana ndi ayironi wa mu vinyo wofiira amasiya kafungo ka chitsulo ndi ka nsomba m'kamwa kamene sikachoka msanga. Pa chambo tsegulani vinyo woyera. Mlamba wowamba wophika ndi tomato ndi wokhawo umene ungalimbe, ndipo pamenepo pafunika joven wozizira bwino.

Tsabola wambiri ndi vuto lina. Mowa umakuza moto wa tsabola, ndipo tsabola amakuza kutentha kwa mowa, moti kambuzi ndi vinyo wa maperesenti 15 zikakumana, lilime silimvanso kukoma kwa chilichonse. Tsabola pang'ono pa nyama palibe vuto. Ngati mumakonda wochuluka, sankhani chimodzi, tsabola kapena vinyoyu.

Zotsekemera nazo zimamuwononga. Mukaluma keke kapena futali kenaka n'kumwa vinyo wosatsekemera, amamveka wowawasa ndi wowawa. Ku Jumilla komweko amapanga Monastrell wotsekemera kuchokera ku mphesa zimene zasiyidwa pa mpesa mpaka kuyamba kufota, ndipo wa kampani ya Olivares ndi wodziwika. Ameneyo ndiye woyenera chokoleti chakuda kapena tchizi chamchere.

Ndimuike m'furiji kapena ayi?

Muikeni. Malangizo oti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda anachokera ku nyumba zozizira za ku Ulaya. Vinyoyu amakoma pa madigiri 15 mpaka 17, ndipo joven atha kutsika mpaka 14. M'mwezi wa October ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete, botolo losiyidwa pa tebulo limaposa madigiri 30. Pa kutentha kotero mowa umatuluka msanga m'tambula, umalasa mphuno, zipatso zimabisala, ndipo munthu amaganiza kuti wagula vinyo woipa pamene vuto ndi kutentha chabe.

Mphindi 40 mpaka ola limodzi m'furiji zimakwana. Magetsi akazima, ndowa ya madzi ozizira imathandiza. Thirani pang'onopang'ono m'tambula kuti asatenthe musanamalize, botolo libwerere pozizira. Musamuziziritse mopitirira, chifukwa akazizira kwambiri fungo limatsekeka ndipo tannin amakhakhala koposa. Zikatero ingodikirani mphindi zingapo.

Nditatsegula ndamva kafungo kachilendo. Waonongeka?

Mwina ayi. Monastrell akakhala m'botolo mopanda mpweya amatha kutulutsa kafungo ka machesi ozima kapena ka dzira. Mutsanulireni m'jagi yoyera, mudikire theka la ola, ndipo nthawi zambiri fungolo limachoka. Kupuma kumeneko kumamuthandizanso kufewa. Nsenga pansi pa botolo si vuto, makamaka ngati wopanga sanamusefe kwambiri.

Amene waonongeka amadziwika ndi fungo la katoni yonyowa, lochokera ku chitsekero chodwala, kapena la viniga, kapena la zipatso zophika limodzi ndi mtundu wabulauni pa vinyo amene sanakalambe. Zimenezi mpweya sungazikonze. Mubwezeni kumene munagula.

Angasungidwe nthawi yaitali bwanji?

Joven mumwe m'zaka 2 kapena 3 kuchokera chaka cholembedwa pa botolo. Wa mipesa yakale amene anakhala chaka m'mgolo atha kufika zaka 8 kapena 10 ngati ali pozizira. Kutentha ndiye mdani wake. Botolo limene lakhala pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa, kapena m'buti ya galimoto masana onse, limapsa, ndipo chizindikiro chake ndi chitsekero chotukuka kapena vinyo wodontha m'khosi mwa botolo. Pogula, yang'anani zimenezi. Kunyumba muike pansi m'kabati ya chipinda chozizira, kutali ndi khitchini, chogoneka ngati chitsekero chake ndi cha khungwa.

Mukatsegula, tsekaninso n'kuika m'furiji. Amakhala bwino masiku 3 kapena 4, ndipo tsiku lachiwiri nthawi zambiri amakoma kuposa loyamba. Wotsala muthire mumphika wa mchira wa ng'ombe mutatha kukazinga anyezi, muusiye uwire kaye musanathire madzi.

Ndikapanda kumupeza, ndigule uti?

Ku Britain ndi m'mayiko ena a ku Ulaya sasowa m'masitolo a vinyo, ndipo mtengo wake umakhala wotsika poyerekeza ndi wa ku Rioja wa mlingo womwewo. Yecla, Bullas ndi Alicante ndi madera oyandikana ndi Jumilla amene amalimanso Monastrell, ndipo vinyo wawo amafanana naye kwambiri. M'masitolo a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe vinyo wambiri amachokera ku South Africa, ndiye kumeneko funani dzina loti Mourvèdre. Dera la Swartland, kumpoto kwa Cape Town, nalonso ndi louma, lotentha, la mipesa ya tizitsamba yosathiriridwa, ndipo amalima mphesa zimenezi, nthawi zambiri n'kuzisakaniza ndi mphesa za Shiraz ndi Grenache. Malangizo onse a chakudya ndi kaziziritsidwe ali pamwambawa amagwiranso ntchito pa vinyo ameneyo. Ngati mukufuna wa organic, werengani kumbuyo kwa botolo kuti muone dzina la bungwe limene linayendera mundawo.